Chimene timaopa pansi pa mzinda ndi madzi

Mu February 2025 sitima za Gautrain zinaleka kuyenda pakati pa Park Station ndi Rosebank ku Johannesburg. Ku Killarney, anthu oboola mjigo pamalo a munthu wina popanda chilolezo anatsitsa chitsulo chawo mpaka chinakatulukira m'denga la njira ya sitima. Madzi ndi dothi zinayamba kukhuthukira pa njanji, apaulendo n'kuwasamutsira ku mabasi. Sabata imeneyo anzathu a ku Joni sanandipatse mpata pa WhatsApp: "A injiniya, si izi tinkanena zija? Zapansizi zidzatikwirira ndithu."

Mawu amenewa ndatopa nawo. Ntchito yanga ndi yokumba ndi kusamalira njira za pansi pa nthaka, ndipo ndikamagona sindilota denga likugwa. Pa Killarney sipanagumuke kanthu. Munthu anaboola kuchokera pamwamba.

Anthu amaganiza kuti konkire yopyapyala ya m'makoma a njira za pansizi ndiyo yasenza nyumba zonse za Sandton. Ayi. Mukakumba dzenje lozungulira m'thanthwe, kulemera kwa pamwamba kumalambalala dzenjelo n'kutsikira m'mbali, ndiye thanthwe limadzinyamula lokha. Ife timangolithandiza. Timakhomera zitsulo zazitali zomanga pamodzi miyala yong'aluka, kenako timapopera konkire yamadzimadzi pakhoma, imene pantchito timaitcha shotcrete. Pomwe nthaka ndi yofewa timalowetsa TBM, chimakina chimene chimakumba kutsogolo uku kumbuyo chikusanja zigawo za konkire kukhala mphete. Ku Gautrain, mwa makilomita pafupifupi 15 a pansi, pafupifupi 3 anakumbidwa ndi makina otere, kwinako ankaphulitsa thanthwe. Mphete ija nthaka ikamaifinya ndi pamene imagwirana kwambiri, monga dzira limene simungaliphwanye polipana kunsonga zake ziwiri. Konkire imapirira kufinyidwa, chimene imadana nacho ndi kukokedwa.

Ngozi zilipo, sindikukana, koma zambiri zimachitika pokumba, khoma lisanatsekedwe, ndipo amene amakhala pangozi ndi ife antchito. Njira ya pansi pa mtsinje wa Thames ku London, imene Marc Brunel anayamba kukumba mu 1825, inasefukira kangapo ikumangidwa, ndipo mu 1828 madzi anapha anthu 6. Anaitsegula mu 1843. Lero lino sitima zikudutsabe momwemo.

Taonani chimene chinapha anthu aja: madzi. Mukatsika mamita 10 kupitirira pamene madzi a m'nthaka amayambira, madziwo amakankha khoma ndi mphamvu yofanana ndi matani 10 pa sikweya mita iliyonse. Satopa, sapita kutchuthi, amangofunafuna mng'alu. Tisanakumbe timaboola timabowo n'kupoperamo simenti yamadzi kuti itseke ming'aluyo, ntchito imene timaitcha grouting. Ngakhale titero, njira youma gwaa kulibe. Timangogwirizana kuchuluka kwa madzi amene tiwalole kulowa, n'kuwatsogolera m'ngalande mpaka kuchitsime kumene mapampu amawatulutsa usana ndi usiku. Chigawo chija cha Gautrain cha pakati pa Rosebank ndi Park Station chinatsegulidwa mochedwa, mu June 2012, pamene sitima ya ku bwalo la ndege la OR Tambo inali itayamba kale mu 2010. Chinachedwetsa ndi madzi olowa mopitirira muyezo wa m'pangano. Kunena zoona, ine ndimalemekeza kwambiri munthu woyang'anira mapampu kuposa nduna yodula riboni.

Mdani wina ndi utsi, makamaka m'misewu ya galimoto ya pansi. Mu 1999 lole inayaka m'njira ya Mont Blanc, pakati pa France ndi Italy, ndipo anthu 39 anafa, ambiri atakhala m'galimoto zawo. Phiri silinawagwere. Zimafani zija mumaziona kudenga ntchito yake ndi kukankhira utsi mbali imodzi kuti mbali inayo anthu apume.

Tsono chochita n'chiyani? Sitima ikaima mumdima, khalani momwemo mudikire woyendetsa alankhule, chifukwa kunja kuli magetsi amphamvu ndipo mwina kukubwera sitima ina. Mumsewu wa pansi mukaona utsi, nthawi zambiri chanzeru n'kuzimitsa injini, kusiya makiyi momwemo, n'kuyenda wapansi kulowera ku khomo lothawira. Komabe tsatirani zikwangwani, poti njira iliyonse ili ndi dongosolo lake. Ndipo inu amene mumagwira ntchito yoboola mijigo ku Joni, kumene kusowa kwa madzi m'mipopi kwachulukitsa makasitomala, musatsitse chitsulo mwini malo asanakuonetseni chilolezo. Ku Gauteng kuli lamulo la mu 2001 loteteza malo amene misewu ndi njanji za chigawochi zimadutsa, ndipo limafuna kuti mwini malo apemphe kaye asanakumbe pamwamba pa njira ya sitima, ngakhale pulotiyo ndi yake ndipo mapepala ali nawo.