Makompyuta ofunditsidwa nsalu

Mwezi watha anandiitana pa sukulu ina kuno ku Mulanje kuti ndikaone makompyuta amene akuti anafa. Ndinawapeza atafunditsidwa nsalu, fumbi lili mbuu, koma onse ali bwinobwino. Chinapsa ndi inverter, kabokosi kamene kamasintha mphamvu ya m'mabatire a sola kuti ikhale magetsi oyendetsa zipangizo. Opereka mphatsoyo sanasiye mmisiri, sanasiyenso thumba la ndalama zokonzetsera. Ana alemba mayeso a fomu 4 osakhudzako kompyuta. Zinandiwawa kwambiri.

Ndikafotokoza izi m'misonkhano, wina amayankha kuti anthu akumudzi sasamala zinthu, ndiponso sangalipire. Mawu amenewa ndatopa nawo, chifukwa ndi bodza.

Amene amatero apite kwa Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Kumeneko kampani ya MEGA imapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya. Ife timati micro-hydro: madzi amapatutsidwira m'ngalande, n'kutsetsereka m'paipi mwamphamvu mpaka kukazunguza turbine, gudumu loyendetsa jenereta. Ntchitoyi sinagwiridwe ndi bungwe limodzi. Mulanje Mountain Conservation Trust inalipo, Practical Action inabweretsa luso, bungwe loyang'anira za magetsi la MERA linapereka chiphaso, eni mudzi anathira thukuta pomanga. Lero mabanja amagula mayunitsi asanayatse getsi, monga amachitira a ku Limbe, ndipo ndalamazo zimathandiza kuti amisiri akhalepo tsiku lililonse. Sindikunena kuti mavuto kulibe. Chilimwe madzi amachepa, dzinja mtsinje umalusa, tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu 2023. Koma kanthu kakaonongeka, wokakonza amadziwika.

N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti la MACRA, limene lili ndi thumba la Universal Service Fund lochokera m'lamulo la 2016, makampani a foni ndi mabungwe azikhala kaye pansi ndi mafumu komanso makomiti a sukulu asanatsitse katundu. Intaneti imayenda ndi magetsi, ndipo magetsi amafuna wowasamala.

Inu a komiti, musanayimbe nthungululu, funsani: chikaonongeka adzakonza ndani, zitsulo zake zimapezeka ku Blantyre kapena kunja, nanga ndalama idzachoka kuti? Mabatire amatha pakapita zaka zingapo, kutengera mtundu wake ndi kagwiritsidwe ntchito, choncho yambani kusonkha kangachepe msanga. Pemphaninso kuti achinyamata awiri a m'mudzi momwemo aphunzitsidwe kukonza, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano.