Ligi ya m'Chigawo cha Pakati ndi khomo la Super League

Ambiri a ife timangomva za Super League, imene inayamba mu 1986, koma pansi pake pali maligi a m'zigawo zitatu. Ya m'chigawo cha Pakati imayendetsedwa ndi bungwe la CRFA, nthambi ya FAM, ndipo kwa zaka zambiri inkadziwika ndi dzina la Chipiku, kampani imene inkaithandiza ndi ndalama.

Kale, katswiri wa chigawo chilichonse ankakwera mwachindunji kukalowa m'malo mwa matimu atatu otsika. Umu ndi mmene Dedza Dynamos inalowera mu 2022. Kuyambira mu 2025 pakati pawo panaikidwa National Division League, yoseweredwa m'dziko lonse. Tsopano timu ya kumudzi iyenera kukwera kawiri, komanso kupeza ndalama zoyendera kuchoka ku Karonga mpaka kummwera.