Kasipanala ka pansi pa cishalo kanasowa: tsono alimi a kwa Jumbe agwire ciani?

Njinga zakale zija za Raleigh, Humber ndi Eagle zinali kuyenda ndi kacikwama kolendewera kumbuyo kwa cishalo. M'kacikwamamo munali kukhala kasipanala ka mabowo ambiri, kamene kanali kumasula pafupifupi nati iliyonse ya panjinga, kuyambira ya cishalo, ya mabuleki mpaka ya wilo. Lero munthu akataya kasipanala kameneka savutika pang'ono kuti apeze kena kolimba ngati kakaleko. Timene tapacikidwa m'mashopu ena timaoneka cimodzimodzi, koma tambiri ndi ta citsulo cofewa, ndipo timayasama kukamwa tikangokumana ndi nati ya dzimbiri.

Kwa munthu wa m'tauni imeneyi ndi nkhani yaing'ono, pakuti wokonza njinga ali pa mphambano iliyonse. Kuno kwa Jumbe ndi m'boma lonse la Mambwe si tero. Mukangosiya tala wa mseu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe, mwalowa mu mcenga, minga ndi makande amene amamata m'mawilo nthawi ya dzinja. Njinga ndiyo imasenza thonje kupita nalo pa msika, ndiyo imafikitsa akatekisiti ku machalichi a kumidzi a parishi ya Chikowa kapena mishoni ya Msoro, ndiyonso imanyamula wodwala kupita ku cipatala ca Kamoto. Ikafa panjira dzuwa litapendeka, mwini wake amakankha mumdima, m'dera limene njovu zimadutsa madzulo.

Kodi kasipanalako kanapita kuti? Njinga za Eagle zinali kupangidwa ku Chipata konkuno, pa fakitale ya Luangwa Industries, imene poyamba inali ya boma. Pa nthawi yogulitsa makampani a boma m'zaka za m'ma 1990 inapita m'manja mwa a Tata Zambia, ndipo pambuyo pake nchito yopanga njinga inaima. Msika unadzala ndi njinga zocokera ku India ndi ku China, kudzanso za salaula za magiya. Kuyambira mu 2006 bungwe la World Bicycle Relief linayamba kugawa njinga m'Zambia kudzera mu pulogalamu ya RAPIDS, imene inapereka njinga 23,000 kwa anthu osamalira odwala m'midzi. Nchito imeneyo ndiyo inabala njinga ya Buffalo, imene keliyala yake inapangidwa kuti izisenza makilogalamu 100.

Apa ndiye pagona nkhani. Kale m'mudzi munali mtundu umodzi wa njinga, motero sipanala imodzi inali kukwanira onse. Lero mitundu yacuruka ndipo uliwonse uli ndi manati ake. Njinga zakale za ku England zinali ndi manati oyezedwa m'mainchesi, pamene zatsopano zimayezedwa m'mamilimita. Ngakhale mutakapeza kasipanala ka agogo kaja, pa njinga ya lero kangakhale kothina pena, kokhwepa pena. Conco nzeru si kusakasaka cimene cinatha, koma kuyang'ana manati a njinga yanu ndi kugula zitsulo zocepa zimene zikwana bwino.

Pa njinga yaikulu ya mabuleki a ndodo, ya matayala a 28, sipanala yoyamba kugula ndi nambala 15. Imeneyi imagwira mapedulo ndi manati ambiri a mawilo. Onjezani nambala 13 kapena 14 ya cishalo ndi handulo, kenaka 8, 9 ndi 10 za mabuleki, madigadi ndi keliyala. Popeza sipanala imodzi imakhala ndi manambala awiri, uku ndi uku, zitatu kapena zinai zakwana.

Njinga za salaula za magiya zili ndi khalidwe lina. M'malo ambiri zilibe nati yogwira kunja, koma bauti ya dzenje la makona 6 pamutu. Zimenezi zimafuna ma Allen key, tizitsulo topindika tija, makamaka nambala 4, 5 ndi 6. Kulowetsa sikuludiraiva m'dzenjemo n'kuononga bauti. Dziwaninso kuti vavu ya chubu ca njinga zimenezi nthawi zambiri ndi yofanana ndi ya galimoto, ndipo pampu ya njinga yakale, ija ya vavu ya kamphira, siingapope popanda kusintha kamlomo kake. Matayala a 26 ndi a 28 nawo sasinthana.

Amene ali ndi Buffalo ya buleki ya kumapedulo akumbukire kacitsulo kamene kamacokera pa habu ya kumbuyo n'kumangidwa ku fulemu. Kabauti kake kakamasuka buleki imakana kugwira bwino, ndipo zimenezi n'zoopsa potsetsereka ndi katundu. Muzikayesa musananyamuke ulendo.

Pokagula zitsulo ku Chipata kapena pa shopu ya pa boma, pitani ndi njinga kapena ndi nati yeniyeniyo m'thumba. Sipanala yabwino imalowa mothina osagwedera. Zolembedwa kuti Chrome Vanadium kapena Drop Forged kawirikawiri zimalimba, ngakhale kuti zolemba pazokha si umboni, pakuti zonamizira ziliponso. Yang'anani kulemera kwake ndi kusalala kwa kukamwa kwake. Sipanala ya mphete, imene imazungulira nati yonse, imasunga makona a nati kuposa yotsegula kukamwa.

Pali zizolowezi zitatu zimene zatha njinga zambiri m'midzi mwathu. Coyamba ndi kumasula nati ndi pulayazi kapena bobojani yokhwepa. Makona a nati amadyeka, ndipo mawa lake ngakhale sipanala yoyenera imangotereka. Caciwiri ndi kukakamiza pedulo ya kumanzere. Mazinga ake ndi otembenuza, ndiye kuti imamasuka mukaizunguza mbali imene nati wamba imamangira. Ambiri athyola zitsulo poyesa kumasula pamene akumanga. Cacitatu ndi kumenya kotapini ndi nyundo nati itacotsedwa. Siyani natiyo kumapeto kwa mazinga, cirikizani mkono wa pedulo pa cipika, kenaka menyani.

Zitsulo zina n'zotheka kuzipeza pafupi. Makoni a m'habu, amene amagwira timipira ta citsulo tija, amafuna sipanala yopyapyala, kawirikawiri nambala 13 kutsogolo ndi 15 kumbuyo. Wowocherera wa pamsika angathe kupala sipanala yakale mpaka ipyapyale. Zogwirira za masipuni akale olimba zimacotsa tayala popanda kuboola chubu monga imacitira sikuludiraiva. Chubu cakutha musataye, ndico zigamba zanu, malinga mukhale ndi solushoni yosauma ndi kasandipepa. Koma kiyi ya masipoko gulani yeniyeni, cifukwa pulayazi imaphwanya timanati ta masipoko.

N'zoona kuti si banja lililonse lingagule zonsezi nthawi imodzi, makamaka thonje lisanagulitsidwe. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mphakati, komiti ya chalichi kapena kalabu ya alimi ingasonkhe ndalama pa nyengo yokolola ndi kugula bokosi limodzi la zitsulo zodula: kiyi ya masipoko, sipanala za makoni, ma Allen key, pampu yaikulu ndi girisi. Bokosilo likhale ndi wolisunga wosankhidwa ndi gulu, ndi kabuku kolembamo dzina la wobwereka ndi tsiku lobweza. Popanda kabuku, pofika Khirisimasi m'bokosi mudzatsala nsanza zokha. Cingakhale cabwinonso kuti mnyamata kapena mtsikana mmodzi wa m'gulumo aphunzire kwa wokonza njinga waluso, kuti zitsulozo zikhale m'manja odziwa.

Koma bokosi la gulu silingakuthandizeni pakati pa thengo. Aliyense wokwera njinga aziyenda ndi zake zocepa: sipanala nambala 15, ya 8 ndi 10, zigamba, solushoni ndi pampu, kapena ma Allen key ngati njinga ndi ya magiya. Zikulungeni m'kansalu kuti zisacite phokoso, muzimange ndi mphira pansi pa cishalo pamene panali kukhala kacikwama kakale kaja. Mvula isanayambe, khalani pansi tsiku limodzi, yesani nati iliyonse ya njinga yanu, ndipo lembani manambala amene mukusowa kuti amene akupita ku Chipata akakugulireni.