Nyongolotsi yophika: sayansi ya nyambo za pulasitiki

Aliyense amene anawedzapo ndi mbedza akudziwa vuto la nyambo. Nyongolotsi zimafuna kukumba, usipa suchedwa kuwola, ndipo kansomba kakangojompha kamodzi, mbedza imatsala yokha. Mu 1949, mumzinda wa Akron ku Ohio, m'dziko la America, Nick Creme ndi mkazi wake Cosma anayamba kuphika nyongolotsi za pulasitiki yofewa kunyumba kwawo. Lero owedza ambiri kumeneko, makamaka okonda nsomba yotchedwa bass, amadziumbira okha nyambo zotere: tinyongolotsi, tinsomba, tiachule.

Ine chimene chimandisangalatsa pa ntchito imeneyi n'chakuti muli physics yambiri ya m'kalasi mwathu: kutentha, mafunde ndi density. Wophika akailemekeza, amapeza nyambo yabwino. Akainyoza, amapsa nayo.

Madzi amene amalimba ukawatenthetsa

Nyambozi amapangira zinthu zamadzimadzi zotchedwa plastisol. Ikakhala m'botolo imaoneka ngati mkaka. Mkati mwake muli zinthu ziwiri zikuluzikulu. Choyamba ndi ufa wosalala kwambiri wa PVC, pulasitiki yomwe ija ya mapaipi a madzi. Chachiwiri ndi mafuta otchedwa plasticiser, amene ntchito yake ndi kufewetsa. Kukakhala kozizira, ufawo umangoyandama m'mafutamo osasungunuka.

Ndiye taganizirani phala. Ufa wa chimanga m'madzi ozizira umangokhala madzimadzi, koma mukauika pamoto timibulu take timamwa madzi, n'kufufuma, phala n'kuyamba kulimba. Plastisol imachitanso chimodzimodzi. Ikayamba kutentha, timibulu ta PVC timamwa mafuta aja n'kufufuma, ndipo zonse zimalimba ngati phala lolimba. Apa ambiri oyamba kumene amaganiza kuti zawonongeka. Ayi ndithu, ili pakati paulendo. Ikafika pa madigiri pafupifupi 175, timibulu tija timasungunukirana kukhala chinthu chimodzi. Kuyera kwa mkaka kuja kumatha, imayamba kuonekera mkati ngati galasi, ndipo imayenda ngati uchi.

N'chifukwa chiyani mtundu ukusintha? Poyamba kuwala kumamwazika pa timibulu miyandamiyanda, ndiye maso athu amaona zoyera. Timibulu tikatha, palibenso chomwaza kuwala, kumangodutsa.

Pamenepo wophika amathiramo utoto, n'kutsanulira m'chikombole cha aluminiyamu, cha silikoni kapena cha pulasitala. Pakapita mphindi zochepa yazizira, ndipo siibwereranso kukhala mkaka. Mamolekyu a PVC ndi ataliatali ngati ulusi, ndipo mafuta aja akhala pakati pawo, kuwalola kutererana. N'chifukwa chake paipi ndi yolimba gwa, koma nyamboyi ndi yofewa ngati mnofu. Mafuta akachuluka, imafewa kwambiri n'kumavina bwino m'madzi, koma siichedwa kung'ambika pa mbedza.

Chinanso, zinthu zambiri zikamazizira zimanyala. Mudzaona kadzenje pamwamba pa chikombole, ndiye wophika wodziwa amawonjezerapo pang'ono isanaume.

Vuto la microwave

Ambiri amaphikira mu microwave, m'kapu yagalasi yopirira moto. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mafunde a microwave amagunda ka 2,450,000,000 pa sekondi, ndipo amayenda pa liwiro la kuwala, mamita 300,000,000 pa sekondi. Gawani liwiro ndi frequency: mupeza kuti funde limodzi ndi lotalika masentimita pafupifupi 12. Mafundewa amagunda makoma n'kubwerera, n'kukumana okhaokha, ndiye pamakhala malo otentha kwambiri otalikirana masentimita pafupifupi 6, pakati pake pali pozizira.

Vuto n'lakuti pulasitiki siifalitsa kutentha msanga ngati chitsulo. Mbali imodzi ingathe kupserera pamene ina ikadali mkaka. Ndiye amatenthetsa pang'onopang'ono, mwina masekondi 30, kutulutsa, kutakasa, kubwezeranso, uku akuyeza ndi thermometer. Ikapitirira kwambiri, kuyandikira madigiri 200, PVC imayamba kuwonongeka. Imasanduka yachikasu, kenako yoderapo, ndipo imatulutsa mpweya wa hydrogen chloride. Mpweya umenewu ukakumana ndi chinyezi cha m'maso, m'mphuno kapena m'mapapo, umasanduka asidi.

Dontho limodzi la madzi

Apa ndiye mumvetsere bwino. Madzi amawira pa madigiri 100. Plastisol yophika ili pa 175. Dontho la madzi likagweramo, kaya ndi thukuta, kaya supuni yonyowa, kaya chikombole cha pulasitala chosauma bwino, limasanduka nthunzi nthawi yomweyo. Nthunziyo imafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa madzi aja. Ipita kuti? Imaphulika, n'kuthovola pulasitiki yamoto kumaso ndi m'manja. Munaonapo zimene zimachitika madzi akagwera m'mafuta a mandasi, eti? N'zomwezo, kungoti pulasitiki imamatirira pakhungu n'kumapitiriza kuwotcha.

Chifukwa chake iyi si ntchito yoti mwana wasukulu ayesere yekha. Imafuna munthu wamkulu wodziwa, malo opita mphepo, magalasi oteteza maso, magolovesi ochindikala, malaya a manja aatali, chophimba pamphuno chosefa mpweya wa mankhwala, komanso microwave ndi ziwiya zimene sizidzakhudzanso chakudya. Wina akapsa, ikani malo opsawo pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osamatula mokakamiza pulasitiki yomatirira, kenako kuchipatala. Ndipo chonde, musasungunule majumbo, mabotolo kapena mapaipi pa mbaula poganiza kuti mupeza zomwezi. Simupeza nyambo, mupeza utsi woipa basi.

Imire kapena iyandame?

Nsomba zina zimadyera pansi, zina pamwamba. Wophika amasankha poti nyambo yake ikakhale, ndipo chida chake ndi density, kutanthauza kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake. Madzi ali ndi density ya galamu imodzi pa cm³. Choposa pamenepo chimamira, chochepera chimayandama. PVC payokha ili cha pa 1.4, mafuta aja ali pafupi ndi 1, ndiye nyambo yofewa siitalikirana kwenikweni ndi madzi. Kusintha pang'ono chabe kumaonekera.

Pofuna kuti imire amathiramo mchere wosalala, umene density yake ndi pafupifupi 2.16. Tiyerekeze kuti nyambo ndi ya 10 cm³ ndipo ikulemera magalamu 10. Tithiremo mchere wa 2 cm³, womwe ndi magalamu 4.3. Mchere susungunuka m'mafuta, ndiye tingowonkhetsa: magalamu 14.3 kugawa ndi 12 cm³, yankho ndi 1.19. Imira bwinobwino. Pofuna kuti iyandame amathiramo timikanda tagalasi tating'onoting'ono tokhala ndi mpweya mkati. Timawonjezera kukula popanda kuwonjezera kulemera kwenikweni.

Chimene nsomba imamva

Nsomba siidalira maso okha. M'mbali mwa thupi lake muli mzere wotchedwa lateral line, umene umamva kugwedezeka kwa madzi. Mukadzagula chambo, dzayang'anitsitseni mudzauona. Ndiye mchira wa nyambo ndi wofunika zedi. Mukamakoka chingwe, madzi amakankha mchira wopyapyala uja, umapindikira mbali imodzi, kufewa kwake kumaubweza, n'kupitirira mbali inayo. Kugwedezeka kumeneku nsomba yolusa imakumva ngati kansomba kothawa.

Mtundu nawo uli ndi physics yake. Madzi amameza kuwala kofiira msanga, m'mamita ochepa oyambirira, pamene kwa buluu kumafika patali. Nyambo yofiira psu m'manja mwanu, pansi pakuya imaoneka yakuda.

Pali vuto limodzi limene lilipobe. Nyambo yotereyi ikaduka n'kutsalira m'madzi, siiwola ngati nyongolotsi, ndipo nsomba ikaimeza ingathe kukhala nayo m'mimba. Ubwino wake, pulasitiki imeneyi imasungunukanso ikatenthetsedwa, ndiye zong'ambika wowedza wanzeru amabwera nazo kunyumba kuti aumbirenso zatsopano.

Pomaliza, nayi ntchito yoti muyese popanda moto uliwonse. Ikani dzira laliwisi m'kapu ya madzi, limira. Yambani kuthira mchere pang'onopang'ono mukutakasa, mpaka litayandama. Mu nyambo ija mchere unamiza, koma apa wayandamitsa. Fotokozani chifukwa chake pogwiritsa ntchito density, ndipo mulembe yankho lanu m'munsimu.