Ululu wa matchona a ku Bindura: chipatala cha boma chingachitepo chiyani?

M'makomboni a migodi ya Trojan ndi Shamva, kufupi ndi Bindura ku Zimbabwe, Chichewa chimamvekabe. Ochilankhula ndi ana ndi zidzukulu za amuna amene adachoka ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete kudzagwira ntchito pansi pa nthaka. Munthu wa m'dzikolo matenda akamukulira amabwerera kumudzi kuti abale akamudwazike. Mtchona alibe mudzi wobwererako. Fumbi la mgodi likamuwononga mapapo, kapena khansa ikamugwira, amadalira chipatala cha boma basi, makamaka pamene mgodi waima monga udachitira wa Trojan mu 2008 ndi mu 2023.

Matenda ngati amenewa akafika posachizika, chimene wodwala amafuna ndi chisamaliro chochepetsa ululu, chomuthandiza kugona tulo, kudya ndi kucheza ndi ana ake m'masiku otsala. Pa ntchitoyi Zimbabwe ndiyo idatsogola mu Africa monse, pamene bungwe la Island Hospice lidakhazikitsidwa mu 1979 mumzinda umene lero ndi Harare. Koma ntchitoyi idakulira m'manja mwa mabungwe odalira thandizo la akufuna kwabwino, ndipo boma lidakhazikitsa ndondomeko yake mu 2014. Wodwala khansa wa ku Bindura wofunika kuwotchedwa ndi makina amatumizidwa ku chipatala cha Parirenyatwa, ulendo wa makilomita pafupifupi 90. Kwa nkhalamba yopuma movutikira, yopanda ndalama ya basi, kumeneko ndi kutali.

Dziko la Uganda lidayamba mochedwa koma lidadzera njira ina. Mu 1993 Dr Anne Merriman adayambitsa Hospice Africa Uganda, nayamba kusungunula ufa wa morphine m'madzi kuti ukhale mankhwala akumwa otsika mtengo. Mu 2004 boma lidasintha lamulo kuti anamwino ophunzitsidwa mwapadera azilembera odwala mankhwalawa popanda kudikira dokotala, ndipo wodwala amawalandira mwaulere. Apa ndiye pagona nkhani: ululu sudikira tsiku limene dokotala adzafike kuchipatala cha kumudzi.

Malawi, kwawo kwa makolo a matchonawa, adatengera zambiri ku Uganda ndipo adalowetsa ntchitoyi m'chipatala cha boma chenicheni. Pa Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre padatsegulidwa Umodzi, yosamalira ana, mu 2002, kenaka Tiyanjane, ya akuluakulu, mu 2003. Kuchokera apo ntchitoyi idafalikira m'zipatala za m'maboma, kumene wodwala salipira. Sikuti zonse zili bwino ayi. Mankhwala amatha, anamwino ndi ochepa. Komabe wodwala amadziwa khomo logogoda.

Vutoli ndi la maiko onse osauka. Akatswiri amene adasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet adapeza mu 2017 kuti theka losauka la anthu a padziko lapansi limalandira pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a mankhwala amphamvu opha ululu.

Alangizi a zaumoyo m'makomboni ali ndi mbali yawo. Mabanja ambiri amaopa morphine, ati amafulumizitsa imfa. Akaperekedwa pa mlingo woyenera satero. Wakumwa amamwedwa maola anayi alionse, osadikira kuti ululu ubwerere, ndipo popeza amadzimbitsa, wodwazika matenda apemphenso kwa namwino mankhwala ofewetsa m'mimba.