Zoyenera kudziwa pogula kamera yojambulira zovala ku Jumbe

Acinyamata amene afuna kuyamba nchito yojambula zovala ndi nsalu ku Jumbe, m'boma la Mambwe, sayenera kuthera ndalama zao zonse pa kamera ya mtengo wapatali. Cimene cimakongoletsa cithunzi ca covala ndi lenzi yabwino pamodzi ndi kuwala kokwanira, ndipo ziwirizi sizidya ndalama zambiri.

Nchito imeneyi ili ndi msika m'cigwa ca Luangwa. Matelala osoka zitenge amaonetsa katundu wao pa WhatsApp ndi Facebook. Ku Mfuwe kuli Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991 kupanga nsalu zolembedwa pamanja, ndiponso Mulberry Mongoose, imene imapanga mikanda ndi zibangili kucokera ku waya wa misampha ya opha nyama mobisa. Palinso maukwati ndi mwambo wa Akunda wa Malaila, kumene anthu amavala zovala zao zapamtima. Wogula amene ali kutali amakhulupirira cithunzi. Ngati citenge cofiira caoneka cotuwa, telala wataya kasitomala, ndipo wojambula naye sadzaitanidwanso.

Kamera yogwiritsidwapo kale nchito ndi yokwanira kwa woyamba. Nikon D3500 ndi Canon EOS 2000D, zimene zinatuluka mu 2018, zonse zili ndi mamegapikiseli 24, ndipo zithunzi zake zingathe kusindikizidwa pa pepala lalikulu. Asanapereke ndalama, wogula afunse ciwerengero ca zithunzi zimene kamerayo yajambula kale, pakuti kacitseko ka m'kati mwa makamera otere kanapangidwa kuti katseguke nthawi pafupifupi 100,000. Ayesenso kujambula khoma loyera kuti aone ngati pali madontho kapena mizere pa cithunzi.

Ndalama zotsala zipite ku lenzi. Imene imabwera pamodzi ndi kamera, ya 18-55mm, imalowetsa kuwala kocepa, makamaka m'nyumba. Yochipa koma yodalirika ndi ya 50mm f/1.8, imene imalowetsa kuwala kwambiri ndi kuzimiririka zam'mbuyo, kotero kuti diso la woona limagwera pa covala. Pa makamera tachulawa, lenzi imeneyi imatenga malo ocepa, conco wojambula amafunika kuimirira patali ndithu kuti munthu aoneke kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Amene amajambulira m'kacipinda ka telala angasankhe ya 35mm m'malo mwake.

Pali msampha umodzi umene wadyetsa ambiri ndalama. Makamera a Nikon a m'gulu la D3000 ndi D5000 alibe mota yoyendetsa lenzi. Lenzi yakale ya 50mm yolembedwa AF-D imalowa bwinobwino, koma siidzilunjika yokha pa munthu. Yofunika ndi yolembedwa AF-S. Ndi cinthu canzeru kupita ndi kamera kwa wogulitsa, kaya ku Chipata kapena ku Lusaka, ndi kuyesa lenziyo pamaso pake.

Kunena za kuwala, cigwa ca Luangwa cili ndi dzuwa lokwanira, koma la masana limaika mithunzi yakuda m'maso ndi kusuwitsa mitundu ya nsalu. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena cakumadzulo, apo ayi pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mthunzi wogwirana. Nsalu yoyera kapena katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira, ikagwiridwa ndi mnzako capafupi, imabweza kuwala pankhope, ndipo khungu lakuda limaoneka monga liliri. Wojambula wochuka wa ku Mali, Seydou Keïta, amene anatsegula malo ake ojambulira ku Bamako mu 1948, anali kudalira kwambiri kuwala kwa dzuwa pabwalo la nyumba, atapacika nsalu yamaluwa kumbuyo kwa anthu. Zithunzi zake zafika m'nyumba zazikulu zoonetsera zaluso ku Ulaya ndi ku America.

Pofuna kuti mitundu ya citenge isasinthe, wojambula ayambe wajambula pepala loyera pamalo omwewo, kuti kamera idziwe coyera ceniceni. Kusunga zithunzi mu mpangidwe wa RAW kumathandizanso kukonza mtundu pa kompyuta popanda kuononga cithunzi.

Nyengo ya m'cigwa nayo iyenera kulowa m'bajeti. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo fumbi limalowa m'kamera nthawi iliyonse lenzi ikacotsedwa panja. Kamera isasiyidwe padzuwa kapena m'galimoto yotseka. M'nyengo yamvula cinyezi cimameretsa nkhungu m'kati mwa lenzi, motero ndi bwino kuisunga m'cikopo cotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Kuzimazima kwa malaiti kumene dziko linaona mu 2024, madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, kunaonetsa kuti batiri yaciwiri ndi yofunika monga kamera yomwe. Makadi awiri osungira zithunzi ndi abwino kuposa limodzi lalikulu, pakuti khadi likafa pa tsiku la ukwati, mwambo subwerezedwa.

Amene ndalama sizinakwane angayambe ndi foni ya kamera yabwino, malinga atsate malangizo omwewa a kuwala ndi kupukuta kagalasi kake asanajambule. Potumiza kwa kasitomala pa WhatsApp, cithunzi citumizidwe monga dokyumenti, cifukwa njira ya masiku onse imacepetsa ukulu wake ndipo ulusi wa nsalu suonekanso.

Mndandanda wa woyamba ukhale wotere: kamera yogwiritsidwapo kale nchito, lenzi imodzi ya f/1.8, cobwezera kuwala, batiri yapadera, makadi awiri ndi cikwama cotseka bwino. Fulashi ndi zoimikira zingadikire kufikira nchito itayamba kubweza ndalama.