Kodi mumadziwa? Ndege ya katundu imene inagwera nyumba za anthu ku Amsterdam

Lamlungu pa 4 Okutobala 1992, ndege yonyamula katundu ya mtundu wa Boeing 747, ya kampani ya El Al ya ku Israel, inagwera nyumba zosanjikizana m'dera la Bijlmermeer mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands. Nazi mfundo zina za ngoziyi.

Kodi mumadziwa kuti ambiri mwa omwalirawo sanali m'ndegemo? Anthu 43 ndiwo anatsimikizika kuti anafa. M'ndege munali anayi okha: Kaputeni Yitzhak Fuchs, womuthandiza wake, injiniya, ndi munthu mmodzi wapaulendo. Ena onse 39 imfa inawapeza ali pansi, kumidadada ya Groeneveen ndi Klein-Kruitberg, nthawi ya chakudya chamadzulo.

Kodi mumadziwa kuti ulendowu unatha mphindi 13 zokha? Ndegeyi inkachokera ku New York kupita ku Tel Aviv, ndipo inaima pabwalo la Schiphol kuti imwe mafuta ndi kusintha oyendetsa. Inanyamuka 6:22 madzulo itasenza katundu woposa matani 114. Pofika 6:35 inali itagwa.

Kodi mumadziwa kuti injini zake zinachita kuthothoka? Patangopita mphindi zisanu chinyamukire, ndegeyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000 pamwamba pa nyanja ya Gooimeer, injini yachitatu, yomwe imakhala kuphiko lakumanja pafupi ndi thunthu la ndege, inazuka. Pozukapo inakamenya injini yachinayi, nayonso n'kuthothoka. Zonse ziwiri zinagwa, ndipo zinasiya kutsogolo kwa phikolo kutang'ambika pafupifupi mamita 10.

Kodi mumadziwa kuti oyendetsawo sanadziwe zoti injinizo palibe? Munthu akakhala m'chipinda choyendetsera 747 savutika kuona kutsogolo, koma mapiko amakhala kumbuyo kwenikweni. Choncho iwo anauza oyang'anira kayendedwe ka ndege pa Schiphol kuti injini yachitatu yagwira moto ndipo yachitatu ndi yachinayi zasiya kugwira ntchito. Amene anaona zitsulo zikugwa kuchokera kumwamba ndi anthu omwe anali panyanjapo, koma uthenga wawo sunawafike oyendetsawo.

Kodi mumadziwa kuti chimene chinaimaliza ndegeyi ndi kuchepetsa liwiro? Boeing 747 imatha kuuluka ndi injini ziwiri, ndipo iyi inaulukadi mphindi pafupifupi zisanu ndi zitatu ikuzungulira kuti ibwerere pabwalo. Vuto linali phiko. Ndege ikafuna kutera, oyendetsa amatambasula zigawo zina za mapiko kuti mphepo izinyamulabe ndegeyo ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono. Kumanzere zigawozo zinatambasuka bwino, koma kumanja zinakanika chifukwa phikolo linali litawonongeka. Liwiro litatsika, phiko lakumanzere linkanyamula, lakumanja likulephera. Ndege inapendekera kumanja mpaka mapiko kuima chilili, kenako inalunjika pansi.

Kodi mumadziwa kuti gwero la zonsezi linali pini imodzi? Injini ya 747 imalendewera pa mkono wachitsulo, ndipo mkonowo umalumikizidwa kuphiko ndi mapini akuluakulu obowoka mkati. Mapiniwa anawapanga dala kuti aziduka injini ikakumana ndi mphamvu yoposa muyezo, monga mmene fyuzi imapserera kuti waya wa m'nyumba asayake. Cholinga chinali chakuti injini ichoke yokha osang'amba phiko momwe mumakhala mafuta. Koma pa ndege iyi, mng'alu waung'ono unkakula pang'onopang'ono m'pini ina pa ulendo uliwonse, mpaka inaduka. Injiniyo sinagwe molunjika pansi monga ankayembekezera okonza ndege. Inathamangira kutsogolo n'kukhotera kwa inzake.

Kodi mumadziwa kuti ngozi ngati yomweyi inali itachitikapo kale? Pa 29 Disembala 1991, miyezi isanu ndi inayi m'mbuyomo, ndege ya katundu ya China Airlines, nayonso Boeing 747-200, inagwa itangonyamuka ku Taipei m'dziko la Taiwan. Injini zomwe zinathothoka ndi zomwezo, yachitatu ndi yachinayi. Anthu onse asanu amene anali m'ndegemo anafa.

Kodi mumadziwa kuti poyamba akuluakulu ankaopa kuti afa anthu oposa 200? Mdadada umene unagumukawo unali wa nsanjika 11, ndipo moto wake unali woopsa. Ku Bijlmermeer kunkakhala anthu ambiri obwera, makamaka ochokera ku Suriname, ku zilumba za Antilles ndi ku Ghana, ndipo ena mwa iwo analibe zikalata zowaloleza kukhala m'dzikomo. Anthu otere ankaopa kukaonekera kupolisi ngakhale pofuna kunena za m'bale amene wasowa. Boma linalonjeza kupereka zikalata kwa okhudzidwa ndi ngoziyi amene angadziulule, koma mpaka lero alipo amene amakhulupirira kuti omwalira anaposa 43.

Kodi mumadziwa kuti zina mwa zimene ndegeyi inanyamula zinaululika patapita zaka zisanu ndi chimodzi? Poyamba anthu anauzidwa kuti munali zinthu monga zipatso, mafuta onunkhira ndi zipangizo za makompyuta. Mu 1998 nyuzipepala ya NRC Handelsblad inaulula kuti munalinso malita 190 a mankhwala otchedwa DMMP, opita kumalo ofufuzira za sayansi a boma la Israel ku Ness Ziona. Mankhwalawa amagwira ntchito zosiyanasiyana m'mafakitale, koma angathenso kugwiritsidwa ntchito popanga mpweya wakupha wa sarin. Israel inati anali oyesera zosefera mpweya.

Kodi mumadziwa kuti kumchira kwa ndegeyi kunali uranium? Ndege zoyambirira za 747 ankaziika zidutswa za uranium yochotsedwa mphamvu kuti zigawo za kumchira zilemere moyenera, popeza chitsulochi n'cholemera kwambiri ngakhale chikhale chaching'ono. Mu iyi munali makilogalamu 282, ndipo gawo lalikulu silinapezeke m'zibuma.

Kodi mumadziwa kuti kabokosi kojambula mawu a oyendetsa sikanapezeke? Kabokosi kena, kosunga mayendedwe a ndege, kanapezeka katawonongeka, komabe akatswiri anatha kuwerenga zambiri za mkati mwake. Kusowa kwa kojambula mawu, nkhani ya katundu uja, ndiponso madandaulo a matenda ochokera kwa anthu okhala m'deralo ndi ozimitsa moto, zinachititsa kuti Nyumba ya Malamulo ya Netherlands ikhazikitse komiti yofufuza motsogozedwa ndi phungu Theo Meijer. Lipoti lake la mu Epulo 1999 linadzudzula boma chifukwa chozengereza kumva madandaulo a anthu ndi kulephera kupereka uthenga wokwanira.

Kodi mumadziwa kuti chikumbutso cha ngoziyi chinayambira pamtengo? Pafupi ndi pamene ndege inagwera panali mtengo umene unapulumuka. Anamfedwa anayamba kusiyapo maluwa, zithunzi ndi makandulo, ndipo pambuyo pake malo okumbukirapo anamangidwa mozungulira mtengowo. Mwambo wa chikumbutso umachitika pamenepo pa 4 Okutobala chaka chilichonse.

Kodi mumadziwa kuti ngoziyi inasinthitsa kamangidwe ka 747? Ofufuza a ku Netherlands anapeza kuti mkono wogwira injini sunapangidwe motetezeka mokwanira, komanso kuti njira yoyendera mapini pofuna kupeza ming'alu sinali yodalirika. Kampani ya Boeing inasintha mapiniwo n'kuika olimba kwambiri, inawonjezanso zitsulo zina zochirikiza mkonowo kuti pini imodzi ikaduka injini isachoke, ndipo ndege zomwe zinali kale pantchito zinalamulidwa kukonzedwa chimodzimodzi. Mtundu wa 747 unapitiriza kupangidwa zaka zina 30, mpaka yomaliza, yomwenso inali ya katundu, inaperekedwa kwa kampani ya Atlas Air mu Januwale 2023.